Chala cha Bu Lasmini pa Galasi

Pak Darmaji, kunena kuti Bambo Darmaji, anatayipira anthu a m'tauni ya Salatiga kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, koma pa zaka zonsezo sanawerengepo n'kamodzi komwe zimene ankatayipazo. Maso ankatola mawu papepala, zala n'kuwaponya m'makina, mutu uli kwina. Makalata ofunsira ntchito, madandaulo a malire a munda, mabuku a kafukufuku a ana a kukoleji, zonse zinkangodutsa mwa iwo ngati madzi mupaipi. Ukanawapatsa kalata yowatukwana iwo eni, akanaitayipa bwinobwino n'kukufunsa ngati ukufuna makope awiri.

Anayamba ali mnyamata, ndi makina otayipira achitsulo pakhonde la positi ofesi. Kenako anapeza kachipinda m'kanjira ka kuseri kwa koleji, nagula kompyuta, patapita zaka nagula ina, pomalizira pake makina a fotokope. Malo awo anali kumbuyo kwa shopuyo, nkhope kukhoma. Kutsogolo kunali kwa akazi awo, Bu Lasmini, kunena kuti Mayi Lasmini, amene ankajambula mapepala ndi kukazinga tempe wa soya ndi nthochi pakhomo, kuti odikira fotokope asadikire ndi njala. Mayiwa sukulu anailekera kalasi yachitatu. Kompyuta za amuna awo sankazikhudza. Anayesapo kamodzi kugwira mausi, kamuvi kaja kanathawira kumwamba n'kusowa, Pak Darmaji anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Bu Lasmini sanali munthu woitana mwamuna mokuwa. Dzuwa likafika pamutu ankapita kumbuyo kuja, n'kuwagunda amuna awo pamwamba pa dzanja ndi chala chachikulu, katatu, pang'onopang'ono. Kunali kunena kuti mpunga wapsa. Yankho linali limodzimodzi zaka zonsezo:

"Dikirani kaye, Bu."

Osacheuka n'komwe. Tisawanamizire, sanali munthu wankhanza. Anali chabe wa anthu aja amene tsamba likakhala pakati, dziko lonse liyenera kuima kaye. Mpunga unkazizira, ndipo Bu Lasmini ankadya okha ali chiimire pafupi ndi chiwaya.

Kumayambiriro kwa 2013, mwana wawo mmodzi yekhayo, Ningrum, amene ankagwira ntchito kufakitale ku Batam, anatumiza chikatoni. Munali kompyuta yatsopano, yopanda bokosi lapansi lija, zonse zili m'galasi momwemo.

"Mumangoigwira ndi chala, Pak, ngati foni," anatero Ningrum pa lamya. "Mupumeko ku chigogodi chanucho."

Pak Darmaji anaiyatsa. M'malo mwa tebulo loyera lija la pagalasi analizolowera, panatuluka timabokosi tamitundumitundu, tina tikutembenuka tokha. Batani la pakona ya kumunsi kumanzere, limene kwa zaka zonse linali khomo la chilichonse, panalibe. Anasakasaka pozimitsira kwa theka la ola, kenako anangozula chingwe kukhoma.

"Ndani waika matailosi a kubafa m'kompyuta?" anafunsa. Umenewo ndiwo unali mlandu wawo wonse pa nkhaniyi, ndipo sanausinthe.

Sanali okha. Chaka chimenecho aliyense wa m'kanjirako anali ndi maganizo ake pa matailosiwo, ngakhale amene analibe kompyuta. Ana a kukoleji ena ankati koma imadzuka msanga, ena ankati ili ngati nyumba ziwiri zolowera khomo limodzi. Mlembi wa kumzikiti anabweza yake kusitolo. Woposa onse anali Mas Gatot, wokonza makompyuta wa kumapeto kwa kanjirako, munthu amene pakamwa pake sipankadziwa tchuthi.

"Amene anapanga zimenezi sanakhalepo pa desiki tsiku lathunthu, Pak, ndikulumbira," ankatero. "Munthu uzikhala mkono uli m'mwamba kuyambira m'mawa ngati ukuimitsa minibasi? Bweretsani kuno ndiichotse chiwanda, ndikuikireni yakale ija."

Akanapita nayo, koma Bu Lasmini anali ataikokera kale patebulo lawo, pakati pa makina a fotokope ndi chiwaya. Anaiyang'ana masiku awiri. Tsiku lachitatu anapinda zala zinayi, natambasula chala chachikulu monga alozera munthu woleredwa bwino kumeneko, nagunda kabokosi kamene panali chithunzi cha dzuwa. Kanatseguka. Pasanathe mwezi ankadziwa ngati ku Batam kukugwa mvula, ankamuimbira Ningrum n'kumamuona mdzukulu akukwawa, ndipo makasitomala akatha ankajambula maluwa pagalasipo ndi chala chomwecho.

"Bu, kompyutayo mukuikazinganso?" ankatero Pak Darmaji akamadutsa, poona mafuta ali mbuu pagalasi. "Kwangotsala kuithira mchere."

Bu Lasmini ankangomwetulira.

Pa Idi, Ningrum anabwera ndi banja lake, ndipo anajambulitsa chithunzi pakhomo pa shopu. Bu Lasmini anali pakati atanyamula mdzukulu, Ningrum ndi mwamuna wake kumanja, Pak Darmaji kumapeto kwenikweni kumanzere, nkhope ili ndwii, manja atawasanjikiza kutsogolo. Chithunzi chimenecho Ningrum anachisandutsa loko wa kompyutayo. Poti mayi ake zolembalemba zinkawavuta, anawaonetsa njira ina: kusankha malo atatu pachithunzipo, n'kumawagwira motsatana kuti itseguke. Pamene mayiwo ankasankha, Ningrum anatembenukira kumsewu. Anati chinsinsi n'chinsinsi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachitatu lina mu Okutobala, Bu Lasmini anapita kumbuyo kuja n'kuwagunda amuna awo padzanja katatu.

"Dikirani kaye, Bu."

Anabwerera kutsogolo, nakhala pakampando kawo. Pak Darmaji anamaliza tsambalo, nayamba lina. Chimene chinawadzutsa ndi mkuwo wa mtsikana wina amene anabwera kudzajambulitsa mapepala. Kuchipatala anati ndi mtsempha wa m'mutu. Anawaika m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Patapita masiku ndi pamene Pak Darmaji anakumbukira kuti nthawi imene anagundidwa padzanja ija inali isanakwane n'komwe leveni koloko, ndipo mpunga unali usanaikidwe pamoto.

Sanalire. Anthu anawayamikira kuti ndi munthu wopirira, wodziwa kulandira chifuniro cha Mulungu. Kunena zoona panalibe chopirira. Anali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ukautsina, umaona ndi maso kuti wautsina, koma osamva kanthu. Ankadya zimene anansi abweretsa osadziwa kuti wadya chiyani. Ankapemphera nthawi zonse zisanu. Tsiku lachisanu ndi chitatu anatsegula shopu n'kukhala pamalo pawo, nkhope kukhoma.

Amayi a m'kanjirako anagwira ntchito yawo mwachangu, monga achitira. Zovala za malemu anazigawa, chiwaya anachikwecha mpaka kuwala, kampando kaja kanapita kwa wina. Pofika sabata yachiwiri m'nyumbamo munalibe chosonyeza kuti munkakhala munthu wokazinga tempe. Ndiye m'mawa wina, potsegula chitseko cha shopu, dzuwa linagwera pagalasi la kompyuta yozimayo, ndipo Pak Darmaji anaima. Galasi lonse linali zidindo za chala chimodzi. Pena mizere, pena madontho, pena mozungulira mmene munadutsa maluwa aja. Anatenga nsalu ya batiki naiphimba mosamala, kuti nsaluyo isakhudze galasi.

Kuyambira tsiku limenelo anali ndi ntchito yachiwiri. Akapemphera masana ankavundukula kompyutayo, kuiyatsa, chithunzi cha pa Idi chija n'kutuluka. Ankagunda ndi kansonga ka chala, kuopa kufufuta za mnzawo. Mdzukulu, Ningrum, mkamwini. Ayi. Ningrum, mdzukulu, mayi ake. Ayi. Mphuno ya mdzukulu katatu. Ayi. Akalakwitsa kasanu, makinawo ankafuna mawu achinsinsi olemba, amene Ningrum anawaika pa Idi paja n'kuwaiwala. Zikatero ankazimitsa, kuphimba, n'kubwerera kukatayipa. Vuto linali lakuti ikazima, mafuta ankaoneka koma chithunzi ayi. Ikayaka, chithunzi chinkaoneka koma mafuta ayi. Ndipo panalibe womufunsa. Paja ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Mas Gatot anawapeza akuchita zimenezi tsiku limene anabwera kudzaona kompyuta yakale, imene inali itayamba kulira ngati chigayo.

"Aa, Pak, mwavutikiranji masiku onsewa? Ngati ndi zithunzi za Bu mukufuna, ine ndizitulutsa pompano musanamalize khofi wanuyo. Loko ameneyu ndi woopsezera ana."

"Zithunzi ayi."

"Nanga chiyani?"

Pak Darmaji iwo eni sankadziwa bwino.

"Ndikufuna ndilowere pomwe ankalowera iwo," anatero.

Mas Gatot anakanda m'mutu. Komabe, poti ndi mmisiri, anaizimitsa, naipendeketsa kudzuwa, nasuzumira ngati sing'anga.

"Apa m'povuta, Pak. Bu ankagwira ponseponse ngati akusankha tomato. Onani apa pokha," analoza kumunsi chakumanzere, pamene mafuta anaunjikana n'kuchita chikanga. "Koma apa musatayepo nthawi. Kompyuta iliyonse yamtunduwu imene yafika kwanga ili ndi chilonda pamenepa. Anthu amaswa chala kufunafuna batani lakale lija. Ngakhale ine ndimapezeka ndagundapo."

Zinamveka zanzeru, ndipo Pak Darmaji anavomera ndi mutu.

"Inu mverani ine," anapitiriza Mas Gatot. "Nkhalamba yanu iyi sifika Disembala. Ndipatseni yatsopanoyi ndiisese yonse, ndiikemo yakale, muzigwirira ntchito. Bu sangadandaule."

"Dikirani kaye, Mas."

Tsiku la sadaka ya masiku makumi anayi, amayi anafika m'mamawa ndi miphika yawo. Mwamuna wamasiye pa tsiku lotere amangopinga anthu, choncho anawatuma kumanda kukathira maluwa. Anapita, anathira, anawerenga pemphero, anayang'ana dothi lija, osamva kanthu. Pobwerera anapeza shopu yasesedwa, mikeka yayalidwa kudikira abambo odzapemphera madzulo. Nsalu ya batiki inali itapindidwa bwinobwino pamwamba pa makina a fotokope. Pafupi pake panaima Yu Painem, mnansi wawo wa zaka makumi awiri, nyuzipepala yonyowa ili m'manja.

"Taonani, Pak, mutha kumetera ndevu pamenepa!" anatero monyadira. "Alendo akanati chiyani, galasi lili ngati pansi pa chiwaya? Koma pakona apo pandivuta, ee! Mafuta anachita kuuma ngati phula. Ndachita kuthira viniga kawiri."

Galasi linali mbee. Pak Darmaji anadziona nkhope yawo momwemo, ndi kanjira kumbuyo kwawo, ndi njinga yamoto ikudutsa. Anadikira kuti mwina mkwiyo ubwera. Anaupatsa nthawi ndithu. Sunabwere.

"Zikomo, Yu," anatero. "Mwagwira ntchito."

Madzulo ake, abambo atamaliza mapemphero n'kumanyamula timabokosi tawo ta mpunga, Pak Darmaji anamukoka Mas Gatot pambali n'kumuuza kuti abwere Loweruka adzaitenge kompyuta yatsopano ija.

Lachisanu masana kunabwera Bu Wahyuni, mphunzitsi wa kupulayimale amene ankachita maphunziro a digiri kumapeto kwa sabata, mayi wa ana atatu amene nthawi zonse ankaoneka ngati wathamanga. Anatula mulu wa mapepala padesiki.

"Pepani Pak, ndikudziwa kuti si nthawi yabwino, koma Lolemba akufuna ndipereke. Ndi kafukufuku wanga uja, wa maganizo a anthu pa kompyuta zogwira ndi chalazi. Anthu sikisite. Mungondiikira mayankho awo m'mizere, ine ndikhala pompano ndizichonga makope a ana."

Pak Darmaji anakoka mpando. Mapepalawo analibe maina, manambala okha, ndipo onse anayamba kudutsa mupaipi muja. Woyamba sanakhutire. Wachiwiri sanakhutire ngakhale pang'ono. Wachisanu ndi chinayi anati mkono umawawa. Wina anati ndi yabwino kwa ana. Wina anati akufuna aonane ndi amene anaba batani. Wina analemba mawu oti Bu Wahyuni anachita kuwafufuta ndi cholembera. Zala zinkathamanga, kompyuta yakale ikulira, kunja mvula ikukonzeka.

Pa nambala 47 zala zinaima zokha. Mutu unafika mochedwa, monga mwa masiku onse, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ntchito yawo Pak Darmaji anabwerera pamwamba pa pepala n'kuwerenga.

Mkazi. Zaka 56. Ntchito: kukazinga. Wokhutira kwambiri.

Kodi mumalisowa batani lakale la pakona? *Batani liti? Ine sindinalionepo.*

Chimene mumakonda kwambiri pa kompyutayi n'chiyani? *Ndikaigwira imayankha pomwepo.*

Bu Wahyuni anamva kuti kiyibodi yaleka kulira, nadzutsa mutu. Ataona pepalalo anagwira pakamwa.

"Mayo ine, Pak, ndikhululukireni. Ndimati ndilichotse limenelo, ndaiwala. Bu Lasmini ndinawapeza mu Seputembala pakhomo apa. Anati ndiwalembere ine, eti zolemba zawo zili ngati mwadutsa nkhuku. Mwa anthu onse sikisite, okhutira kwambiri anali iwo okha. Anandiseketsa tsiku limenelo, mpaka anandipatsa nthochi yaulere."

Maso a Pak Darmaji anali pa funso loyamba lija. Batani liti. Inde, batani liti? Munthu amene mausi anaigwira kamodzi kokha moyo wake wonse akanalidziwira kuti batanilo, kuti azilifunafuna mpaka mafuta kuuma ngati phula? Mas Gatot ananena za anthu onse, ndipo za anthu onse ananena zoona. Koma pakona paja Bu Lasmini sankafunapo chinthu chotayika. Ankapitapo dala, tsiku ndi tsiku.

Anaimirira, mzere uli pakati. Anapita kutsogolo, nayatsa kompyuta ija. Chithunzi chinatuluka, chowala kuposa kale poti galasi linali loyera. Masiku onse aja ankayang'ana nkhope, chifukwa achinyamata onse amene anawafunsa ankati anthu amasankha nkhope. Koma Bu Lasmini akanaloza bwanji munthu kumaso, kapena kugwira mwamuna wawo kumutu, ngakhale pachithunzi? Pak Darmaji anatsitsa maso mpaka kumunsi chakumanzere, pamene Yu Painem anathira viniga kawiri. Panalibe nkhope pamenepo. Panali manja awo, osanjikizana kutsogolo, lamanja lili pamwamba.

Anapinda zala zinayi. Anagunda pamwamba pa dzanja la pachithunzilo ndi chala chachikulu, katatu, pang'onopang'ono.

Inatseguka pomwepo. Sinawauze kuti adikire kaye.

Matailosi aja anatuluka, akutembenuka okha ngati palibe chachitika. Kena kankati ku Batam kukugwa mvula. Kena kankaonetsa duwa lofiira lojambulidwa ndi chala, losamalizidwa mbali imodzi. Pak Darmaji sanagwire kalikonse. Anangoima, dzanja lili m'malere, ndipo mwendo uja anaukhalira masiku makumi anayi unayamba kubwerera magazi. Zinawawa. Zinawawa kuyambira pachifuwa mpaka kunsonga za zala, moti anagwira m'mphepete mwa tebulo kuti asagwe.

"Pak?" anaitana Bu Wahyuni chapansipansi kumbuyo kwawo. "Pak Darmaji?"

Milomo inayamba yokha kuumba mawu aja a masiku onse. Anawameza. Anacheuka, nkhope yonse ili yonyowa.

"Ndamva, Bu," anatero.